Njinga ya Chiwombankhanga ya ku Mandello

Masiku ano kulibe mudzi umene sudziwa kulira kwa njinga yamoto. Imanyamula odwala kunka nawo kuchipatala, imasenza matumba a chimanga ndi nkhuku za kumsika, ndipo anyamata ambiri a m'mabanja mwathu apeza nayo ndiwo ndi sopo. Koma tikawafunsa anyamatawo kuti, "Kodi chitsulo mukwerachi anachilingalira ndani, nanga m'mimba mwake muli chiyani?" ambiri amangoseka. Chifukwa chake mwezi uno tati tikusimbireni za njinga imodzi ya ku Italy, dzina lake Moto Guzzi 1000 SP, imene inatuluka m'chaka cha 1978. Simudzaipeza m'sitolo, pakuti analeka kuipanga kalekale. Koma m'mapangidwe ake muli nzeru zoyenera kuti wokwera aliyense azimve, ngakhale wa kanjinga kakang'ono, makamaka za mabuleki, pamene pagona moyo wa munthu.

Tiyambe ndi dzina. Wina pakumva kuti "Moto Guzzi" angayese kuti anthu a ku Italy anabwereka mawu kwa ife. Iyayi, zangokumana: kwa iwo "moto" ndi chidule cha dzina la njinga yotere, ndipo Guzzi ndi dzina la mmisiri, Carlo Guzzi, amene anabadwa mu 1889.

Pa nkhondo yaikulu yoyamba ija, ya 1914 mpaka 1918, Carlo Guzzi anali makaniko wa ndege za asilikali a panyanja a dziko la Italy. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi anyamata awiri oyendetsa ndege, Giorgio Parodi wa ku Genoa, mwana wa munthu wolemera mwini zombo, ndi Giovanni Ravelli, amene nkhondo isanayambe anali atatchuka kale pa mipikisano ya njinga. Atatuwa anapangana kuti nkhondo ikatha adzapanga njinga yawoyawo. Anagawana ntchito bwino lomwe: Guzzi adzailingalira ndi kuisula, Parodi adzapeza ndalama, Ravelli adzaikwera pamipikisano kuti mbiri yake imveke. Mutu umodzi susenza denga. Koma nkhondo itatha, mwezi wa Ogasiti 1919, Ravelli anagwa ndi ndege namwalira, asanaone njinga imene anaipangana ija. Anzake awiri sanamuiwale. Anatenga chizindikiro cha chiwombankhanga chotambasula mapiko, chonga chimene oyendetsa ndege ankavala pachifuwa, nachiika pa thanki ya njinga zawo, ndipo chilipo kufikira lero lino.

Bambo wa Giorgio, Emanuele Vittorio Parodi, sanataye chuma chake mwachisawawa. Anabwereka anyamatawo malira 2,000 okha, ndiyo ndalama ya ku Italy ya masiku amenewo, kuti ayambe apanga njinga imodzi yoyesera, iye aione. Guzzi anaipanga m'mudzi wa Mandello, m'mbali mwa nyanja ya Como, kumpoto kwa Italy patsinde pa mapiri, mothandizidwa ndi wosula zitsulo wa m'mudzimo, Giorgio Ripamonti. Njingayo inakhutiritsa mkuluyo, ndipo pa 15 Malichi 1921 kampani inalembetsedwa ku Genoa. Chaka choyambacho anapanga njinga 17 zokha. Injini yake inali ya silinda imodzi yogona chafufumimba, mutu utaloza kutsogolo kuti mphepo iuziziritse, ndipo gudumu lolemera lothandiza injini kuzungulira linali panja poonekera. Mphamvu yake inali horsepower 8. Kukula kwa silindayo m'mimba mwake kunali mamilimita 88. Musunge nambala imeneyi, tidzakumana nayonso.

Masiku amenewo njinga zambiri zinalibe masipuling'i kumbuyo. Tayala linali lomangirira ku felemu monga pa njinga yakapalasa, ndipo dzenje lililonse la mumsewu linkafika mumsana mwa wokwera. Mkulu wake wa Carlo, Giuseppe Guzzi, analingalira njira yoti tayala lakumbuyo lizikwera ndi kutsika, masipuling'i ali m'bokosi pansi pa injini. Anthu anakayika, nati njinga yotere idzagwedera pakona. Iye sanakangane nawo. M'chaka cha 1928 anaikwera yekha kuchokera ku Mandello, nadutsa maiko a ku Ulaya kufikira kumpoto kwa Norway, kudera kumene m'nyengo yotentha dzuwa sililowa usiku, nabwerera kwawo: ulendo wa makilomita ngati 6,000 m'masiku 28, pamisewu imene yambiri inali yamiyala ndi matope. Njingayo anthu anaitcha Norge, ndilo dzina la dziko la Norway m'chinenero cha eni ake. Apa ndi pamene panayambira mwambo wa kampaniyi wopanga njinga za ulendo wautali.

Za mipikisano sitichulukitsa mawu, ngakhale zilipo zambiri. Mu 1935 Stanley Woods wa ku Ireland anapambana mipikisano iwiri m'sabata imodzi pa chilumba cha Isle of Man atakwera Moto Guzzi. Mu 1955 mmisiri wawo Giulio Cesare Carcano anapanga injini ya masilinda 8 pa njinga imodzi. Pomwe analeka mipikisano mu 1957 anali atatenga ukatswiri wa dziko lonse ka 14. Koma chimene chikhudza nkhani yathu ndi ichi: mu 1950 anamanga pafakitale pawo mphanga ya mphepo, ndiyo nyumba yaitali yokhala ndi chikupizo chachikulu kumapeto. Njinga amaiimika m'katimo, munthu atakhalapo, chikupizo n'kumakoka mphepo yamkuntho, amisiri n'kumayesa mmene mphepoyo ikukankhira njinga ndi wokwera. Mwa opanga njinga zamoto onse, iwo ndiwo anayamba kukhala nayo mphanga yotere.

Nkhondo yachiwiri itatha, anthu a ku Italy anali osauka, ndipo kampani inadya bwino pogulitsa tinjinga ting'onoting'ono, monga Guzzino ya 1946 ndi Galletto ya 1950, imene ansembe a m'midzi ya kumeneko ankaikonda chifukwa zotchingira miyendo zake zinkateteza mkanjo ku matope. Koma chuma chitayamba kubwerera, mabanja anafuna galimoto, ndipo galimoto zazing'ono zotsika mtengo monga Fiat 500 ya 1957 zinalanda msika. Giorgio Parodi anali atamwalira mu 1955, Carlo Guzzi anamwalira mu 1964, ngongole zinachuluka, ndipo mu 1967 fakitale inagwa m'manja mwa kampani yoikidwa ndi obwereketsa ndalama, yotchedwa SEIMM. Kwa mudzi wa Mandello ili linali tsoka lalikulu, pakuti mabanja ambiri ankadya za pafakitalepo.

Chimene chinawaombola ndi injini imene Carcano anasiya atailingalira, ya masilinda awiri. Apolisi a ku Italy ankafuna njinga yolimba, yosavuta kukonza, yoyenda nthawi yaitali osatsegula injini, ndipo njinga ya Carcano, yotchedwa V7, ya 703 cc, inapambana pa mayeso. Inayamba kugulitsidwa mu 1967, ndipo patapita nthawi apolisi a ku America nawonso anaigula. Inali yolimba koma yolemera ndi yaitali msinkhu. Mmisiri wina, Lino Tonti, anachotsa jenereta imene inakhala pamwamba pakati pa masilinda, naika chopangira magetsi kutsogolo kwa injini. Malo atapezeka, anapanga felemu yaifupi, ya mipope yowongoka, yosapindika pakona. Felemu imeneyi inaonekera koyamba pa V7 Sport mu 1971, ndipo inatumikira kampaniyi zaka zoposa 30. Mu 1973 fakitale inagulidwa ndi Alejandro de Tomaso, wobadwira ku Argentina, munthu wokonda kutulutsa mitundu yambiri ya njinga kuchokera pa injini imodzi ndi felemu imodzi.

Tsono tafika pa njinga yathu. Mu 1976 kampani ya ku Germany ya BMW inatulutsa R100RS, njinga yothamanga yokhala ndi chishango chachikulu chotchinga wokwera ku mphepo ndi mvula. Anthu oyenda maulendo aatali anaikonda, ngakhale mtengo wake unali wowawa. A ku Mandello anayankha ndi 1000 SP, imene anaionetsa ku Milan kumapeto kwa 1977 nayamba kuigulitsa mu 1978, pamtengo wotsikirapo. Ku England inkadziwika ndi dzina loti Spada, ndiko kuti lupanga. Cholinga chake chinali chapakati: isakhale njinga ya mpikisano yothyola msana, isakhalenso ngolo yolemera yokana kukhota, koma yoti munthu ndi mkazi wake ndi katundu wawo ayende kuyambira mmawa kufikira madzulo, mwaliwiro, nafike osatopa.

Mukaima kutsogolo kwake muona masilinda awiri atatulukira uku ndi uku pansi pa thanki, atapendekera m'mwamba monga nyanga za ng'ombe. Pakati pawo pali ngodya ya madigiri 90, yonga ya pakona ya nyumba yomangidwa bwino. Ngodya imeneyi siyachabe: pamene pisitoni imodzi ikankha, kugwedeza kwake kumachepetsedwa ndi kuyenda kwa inzake, kotero kuti injini siinjenjemera kwambiri ikakhala paulendo. Ndipo popeza masilinda ali kunja, mphepo imawaomba onse awiri mofanana; palibe madzi oziziritsira, palibe paipi yoti iphulike kutchire. Silinda iliyonse m'mimba mwake ndi mamilimita 88, nambala yomwe ija ya Carlo Guzzi ya 1921, ndipo pisitoni imayenda mamilimita 78. Mukawerengera bwino mupeza 949 cc; dzina loti 1000 anangolikweza pang'ono monga amachitira amalonda. Njinga zonyamula anthu zimene tizidziwa ife zambiri ndi za 100 mpaka 150 cc, tsono iyi iziposa kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira apo.

Silinda iliyonse ili ndi mavalavu awiri okha, ina yolowetsa mpweya wosakaniza ndi petulo, ina yotulutsa utsi, ndipo amatsegulidwa ndi timitengo tachitsulo tokankhidwa kuchokera pakati pa injini. Ngakhale mu 1978 njira imeneyi inali yachikale, pakuti njinga za ku Japan zinali zitabwera ndi masilinda anayi ndi mapangidwe atsopano. Makabuleta ndi awiri, a kampani ya Dell'Orto, a mamilimita 30. Mlongo wake wa mpikisano, 850 Le Mans ya 1976, anali ndi a mamilimita 36. Pa SP anaika aang'ono dala, kuti injini ikoke mofatsa kuyambira pansi, osadikira kuti ikuwe. Mphamvu imene eni ake anailemba ndi horsepower 61 injini ikamazungulira ka 6,500 pa mphindi, ndiko kuti koposa ka 100 pa sekondi imodzi. Liwiro lake lomaliza linali kufupi ndi makilomita 180 pa ola. Thanki imalowa malita 24, okwanira makilomita opitirira 300, ndipo kulemera kwake yopanda mafuta ndi makilogalamu ngati 210: matumba anayi a chimanga ndi kakenakake pamwamba. Yoteroyo ikagwa, munthu mmodzi amatuluka thukuta poidzutsa. Ilibe choponda poliza. Imalira ndi batire ndi sitata monga galimoto.

Tcheni palibe. Inu amene mudziwa mavuto a tcheni, mmene chimatafunira fumbi, mmene chimatalikira ndi kuvuka pakati pa ulendo, mumve ichi. Pa njinga iyi chitsulo chachikulu chozungulira cha m'injini chagona motsata utali wa njinga, tsono mphamvu imangoyenda molunjika kumbuyo: ipyola pa kilachi youma ya mbale ziwiri yonga ya galimoto, ilowa m'bokosi la magiya asanu, ndipo kuchoka apo mtengo wachitsulo wotchedwa shafiti, wobisika m'kati mwa mkono wogwira tayala lakumbuyo, umaifikitsa pa mano a zitsulo osambira m'mafuta. Fumbi silifikako. Koma palibe chabwino chopanda mtengo wake. Shafiti ndi yolemera. Wokwera akaponda moto kumbuyo kwa njinga kumadzuka pang'ono, akaleka kumatsika. Ndipo njinga itaima, ukangopotoza moto, yonse imapendekera kumbali ngati ng'ombe yoingitsa ntchentche. Wachilendo amadzidzimuka, mwini wake amati ndiwo moni wa njinga yake.

Chishango chake ndicho chinatuluka m'mphanga ya mphepo ija. Anachipanga pawiri. Chapamwamba, chokhala ndi nyali, galasi lalitali ndi zotchingira manja, chinamangidwa ku chiwongolero ndipo chimatembenuka nacho. Chapansi, chotchinga miyendo, chinamangidwa ku felemu ndipo sichisuntha. Kuseri kwa galasi anaikako zoonetsa liwiro la njinga ndi la injini, wotchi, ndi choonetsa mphamvu ya batire. Amene anaiyesa masiku amenewo anavomereza kuti m'mvula ndi m'chisanu wokwera ankafika wouma koposa anzake. Koma anthu aatali miyendo anadandaula kuti maondo awo ankagunda chishango chapansicho.

Tsopano mabuleki, ndipo apa tipempha makolo kuti muwerengere anyamata anu mokweza. Njinga iliyonse ikamaima, kulemera kwake konse, pamodzi ndi kwa okwera, kumathamangira kutsogolo. Tayala lakutsogolo limakanikizika pansi ndi kugwira msewu kolimba, lakumbuyo limapepuka. Chifukwa chake mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogolo, ndipo munthu woponda buleki yakumbuyo yokha pangozi amangokhulula tayala, njinga n'kumapitabe, mwina chammbali. Komabe okwera ambiri, ku Ulaya monga kuno, amaopa buleki yakutsogolo, poyesa kuti idzawaponya pamwamba pa chiwongolero. Ndipo mantha akafika phazi ndilo limayamba kuponda, dzanja lili duu. Amisiri a ku Mandello anaona kuti kulangiza kokha sikusintha chizolowezi cha munthu wodzidzimuka. Tsono kuyambira 1975, pa njinga yotchedwa 850 T3, analumikiza mabuleki, ndipo 1000 SP inalandira njira yomweyo. Ili ndi mbale zachitsulo zitatu zogwidwa ndi mabuleki a kampani ya Brembo: ziwiri kutsogolo, za mamilimita 300, ndi imodzi kumbuyo, ya mamilimita 242. Ukaponda ndi phazi, mafuta a mabuleki amapita kuwiri nthawi imodzi, ku mbale yakumbuyo ndi ku mbale yakumanzere yakutsogolo. Ukafinya ndi dzanja, umawonjeza mbale yakumanja yakutsogolo. Motero ngakhale woponda mwamantha amaimitsa matayala onse awiri, njinga n'kukhala pansi mowongoka.

Si onse anakondwa nazo. Akatswiri othamanga anati iwo adziwa okha kugawa mphamvu pakati pa dzanja ndi phazi, ndipo ena anamasula mapaipi nalekanitsa mabulekiwo. Ife tiyesa kuti amisiri analondola, pakuti njinga siipangidwira katswiri ali tcheru pabwalo la mpikisano, koma munthu wotopa, madzulo, mvula ikugwa, mbuzi italowa mumsewu. Ndipo nthawi yawavomereza: mu 2016 maiko a European Union anayamba kulamula kuti njinga zatsopano zazing'ono, zosapitirira 125 cc, zikhale ndi mabuleki olumikiza kapena oletsa tayala kukhululuka, ndipo dziko la India linachita chimodzimodzi mu 2019. Njinga zambiri zimene zili m'midzi mwathu zilibe zimenezi. Pa izo ntchito imene paipi inkagwira pa SP iyenera kugwiridwa ndi mutu wa wokwera. Dzanja ndi phazi zigwire pamodzi, kuyamba pang'ono ndi kuwonjeza, njinga ili chilili. Pamchenga, pamatope ndi pakona dzanja lifatse koposa. Taona ndi maso athu njinga zonyamula amayi ndi makanda, chingwe cha buleki yakutsogolo chitaduka kalekale, chogwirira chikungolendewera. Musanakwere, finyani chogwiriracho. Chikapita chopanda kulimba, dikirani ina.

Zolakwa zake sitibisa. Eni ake a masiku amenewo anadandaula ndi timabatani ta magetsi ta pachiwongolero, tosalimba ndi tosokoneza. Ndi utoto ndi zitsulo zochita dzimbiri msanga kumaiko a mvula. Ndi kilachi youma m'dzanja. Ndi magiya ofuna kuwalowetsa modekha, pakuti ukawafulumiza amalira. Sefa ya oilo anaibisa m'kati mwa beseni la pansi pa injini, kotero kuti pofuna kuisintha uyenera kumasula beseni lonse. Koma zolakwa zimenezi zinali za pakhungu, mafupa anali olimba. Popeza mitu ya masilinda ili panja, mwini njinga amakhala pampando pabwalo, namasula chivundikiro, nalinga mavalavu ndi sipanala ndi sikuludiraiva, osachotsa thanki kapena kuitana wina. Injini yosakakamizidwa siikalamba msanga: zambiri zapyola makilomita 100,000, ndipo zina za 1978 zikuyendabe, zitaposa zaka 45, m'manja mwa ana a amene anazigula.

Inatsatidwa ndi SP II mu 1984 ndi SP III mu 1988, imene chishango chake chonse chinamangidwa ku felemu. Kampani inasinthanso manja: Aprilia inaigula mu 2000, ndipo mu 2004 zonse ziwiri zinalowa m'manja mwa Piaggio. Pokumbukira zaka 100, mu 2021, anaonetsa njinga yatsopano ya ulendo wautali, V100 Mandello, yoziziritsidwa ndi madzi, koma masilinda ake awiri atatulukirabe uku ndi uku, shafiti ili kumbuyo, chiwombankhanga cha Ravelli chili pa thanki. Fakitale ikadali m'mudzi womwe uja m'mbali mwa nyanja ya Como, kuseri kwa chipata chofiira cha mumsewu wotchedwa dzina la Parodi, ndipo mwezi wa Seputembala okwera ochokera m'maiko ambiri amasonkhana kumeneko. M'nyumba yosungiramo zakale ya pafakitalepo muli njinga yoyesera ija imene Guzzi anapanga ndi wosula wa m'mudzi, ya malira 2,000. Dzina lake ndi zilembo ziwiri zokha, G.P., ndiko kuti Guzzi ndi Parodi.